Mtsempha Umodzi wa Nkhunzi Yakuda

Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, ku mishoni kufupi ndi Mvera. Sindichita nazo manyazi. Dzanja langa linkalemba zooneka bwino kuposa aphunzitsi ena, ndipo n'chifukwa chake anandilemba ntchito ya dibi. Dibi ndi dzenje lalitali la simenti, lodzaza madzi a mankhwala, mmene ng'ombe zimasambira kuti nkhupakupa zife. Langa linali m'mapiri a Ntchisi, ulendo wa theka la tsiku kuchokera pa Malomo. Zinali zaka za chitaganya, pamene dziko lathu analimangirira ku maiko a eni ife tisakufuna. Munthu wovala kabudula wa boma masiku amenewo ankapatsidwa moni wa pakamwa pokha.

Ndinakwatira komweko. Ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi linali lawo. Munda unali wawo. Ana anga awiri anali awo. Mwini mbumba anali amalume a mkazi wanga, munthu wamfupi, wosaseka, wa ng'ombe khumi ndi zinayi. Pakati pa ng'ombezo panali nkhunzi yakuda, yaing'ono thupi, ya nyanga imodzi yopindikira pansi ndi banga loyera pamphumi. Inali yonyansa. Amalume ankaikonda kuposa anthu ambiri, ine ndili m'gulu lomwelo.

Chaka china kunabwera mzungu wachinyamata wochokera ku yunivesite ya kwawo. Sanali dokotala wa ziweto. Anati amaphunzira za moyo wa nyama, ndipo anafuna kudziwa ng'ombe zathu za linunda. Boma linandiuza kuti ndizimuthandiza. Chichewa anachiphunzira kwa azibambo a ku Madisi, ndiye ankalankhula ngati akuwerenga pemphero. Ankandiitana kuti bambo. Ine ndinkati bwana.

Anandipatsa buku la chikuto cholimba. Ng'ombe iliyonse tinaiwotcha nambala pantchafu. Ntchito yanga inali kukhala kudambo masana ng'ombe zikamadya, n'kumalemba: nkhunzi iti yathamangitsa iti, iti yakwera iti, thole labadwa la mtundu wanji, lafa liti. Poyamba ndinkaona ngati zachibwana. Munthu wamkulu, wa ana awiri, kukhala pachulu n'kumayang'ana ng'ombe zikukwerana. Amayi opita kuchitsime ankaseka.

"Akamwini, lero zakwerana kangati? Mwalemba?"

Ndinkaweramira buku. Ndinkalemba.

Mzunguyo anali wosaumira nzeru zake. Ukamufunsa ankakuuza. Zinthu zitatu zimene anandiuza ndikuzikumbukira mpaka lero. Choyamba, anati ukali wa nkhunzi, khosi lake lonenepa ndi linunda lake lalikulu, zonse zimachokera ku machende. Ndalemba dzina lake lenileni chifukwa inali ntchito yanga. Anati machendewo amathira timadzi m'magazi, iye ankati mahomoni, ndipo timadzito ndi timene timalamula thupi lonse. Chachiwiri, anati limodzi lokha ndi lokwanira. Nkhunzi itataya lina, lotsalalo limagwira ntchito ya awiri. Chachitatu, anajambula pansi ndi kamtengo n'kundionetsa mmene mtundu umayendera kuchoka kwa kholo kupita kwa thole. Anati ng'ombe yofiira ikakweredwa ndi nkhunzi yofiira, thole lakuda silingabadwe. Ndinapita kukafufuza m'buku langa kuti ndimugwire bodza. Sindinamugwire.

Chaka chachiwiri boma linabweretsa nkhunzi yake pa lole, yochokera ku famu yawo. Yofiira, yaikulu, yonyezimira ngati aidzoza mafuta. Anati ana ake adzakhala aakulu, amkaka wambiri. Anaimangira khola pafupi ndi dibi, ndipo masana inkadya pamodzi ndi ng'ombe za m'mudzi.

Yakuda ija sinamenyane nayo n'komwe. Inangoima chammbali, n'kufukula dothi ndi mwendo, n'kuweramitsa mutu. Yofiirayo, ndi thupi lake lonselo, inatembenuka n'kukadya yokha kumapeto kwa dambo. Tsiku lililonse zinali choncho. Ng'ombe yaikazi ikafuna nkhunzi, yakuda inkaiyenda pambali kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa, yofiira ikuyang'anira patali. Ine ndinkalemba zimene ndaona. Sindinawonjezere, sindinachotse. Ndinkanyadira bukulo. Mzungu ankatumiza zolemba zathu ku ofesi ya kuboma mwezi uliwonse.

Ndi buku langa lomwelo limene linaibweretsera tsoka yakuda ija.

Itatha nyengo yokolola, mzungu anabwera ndi kalata. Anakhala pa khoma la dibi n'kundiwerengera. Nkhunzi zonse za m'midzi yozungulira dibi zifulidwe, itsale ya boma yokha. Nambala ya yakuda inali pamwamba penipeni, ndipo wina anailemba mzere kunsi.

"Bwana, yakudayi ayi," ndinatero.

"Chifukwa ndi ya apongozi anu?"

"Chifukwa ana ake safa. Tsegulani buku. Matenda a nkhupakupa akabwera, mathole amatupa m'khosi n'kufa. Ake amadwala n'kudzuka. A yofiirayi abadwa awiri okha, kwa ng'ombe zimene tinachita kuitsekera nazo m'khola. Limodzi tinakwirira."

Anatsegula. Anawerenga nthawi yaitali, chala chikuyenda pamizere yanga.

"Mwina mukunena zoona, bambo. Koma awiri ndi ochepa. Ndifunika zaka zina zitatu kuti ndinene motsimikiza."

"Auzeni adikire zaka zitatuzo."

"Ndawauza. Ayankha ndi kalata iyi." Anaipinda. "Ine ndine mlendo wawo. Galimoto ndi yawo. Akatopa nane, ndikwera sitima."

"Nanga ine?"

Anaika kalata ija m'thumba. Yankho ndinkalidziwa. Wokana kufula ankachotsedwa ntchito, n'kubwera wina wochokera kutali, ndi apolisi awiri kumbuyo kwake. Nkhunzi ikanafulidwa ndithu.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinapeza amalume akukonza mpanda wa khola. Ndinagwada pang'ono monga mwa mwambo, n'kuwauza zonse. Sanasiye kumanga luzi.

"Ndani anauza boma kuti nkhunzi yanga imathamangitsa yawo?"

"Zinalembedwa m'buku, amalume."

"Buku limalemba lokha?"

"Ndinalemba ndine."

"Mumadya chimanga cha m'munda mwanga, n'kumapita kukandinenera ng'ombe." Apo anatembenuka. "Akamwini, tamverani. Anthu akuti chitaganya chikufuna kutha ng'ombe zathu kuti tizikagwira ntchito m'mafamu mwawo. Ine za misonkhano sindizidziwa. Ndidziwa nkhunzi yanga. Mukaikhudza ndi chitsulo chanucho, mudzanyamule mphasa yanu. Mkazi ndi ana muwasiye pomwepo."

"Ndikakana ine abwera ena."

"Abwere ena. Enawo sagona m'mudzi mwanga."

Panatsala masiku asanu ndi anayi. Ndinawawerenga onse. Kulikonse kumene ndinkatembenukira kunali mpanda. Kukana, ntchito yatha, nkhunzi yathanso, ndipo ndikhala mkamwini wopanda kanthu m'manja. Kuvomera, banja latha. Kuthawa, kuthawira kuti? Kwathu mayi anali atamwalira, ndipo malo anatenga ana a alongo anga. Pakhomo la nyumba yanga wina analemba ndi khala kuti kapirikoni, dzina limene ankapatsa munthu wogulitsa anzake kwa azungu. Analemba zilembo zokhota. Ndinafufuta.

Chitsulo chofulira chinali ngati mpani waukulu wa zigwiriro ziwiri. Sichicheka, sichitulutsa magazi. Umagwira mtsempha wotsikira ku tchende, kuukankhira m'mbali mwa thumba ndi chala chachikulu, n'kuufinya ndi chitsulo. Ukaphwanyika umamveka ngati phesi louma. Kenako umateronso mbali inayo. Pakapita miyezi iwiri, onse awiri amafota. Ndinali nditafula ng'ombe zambiri, ndipo palibe imene inabwerera.

Tsikulo anthu anadzaza pa dibi. Mzungu anaima ndi buku lake, kapitawo wochokera kuboma ali pambali pake. Yakuda inagwetsedwa ndi amuna asanu ndi mmodzi, ndipo mmodzi inamuponda phazi. Amalume anaima patsogolo pa onse, manja kumbuyo. Mkazi wanga sanabwere.

Ndinagwada. Mbali ya kumanzere ndinafinya bwinobwino. Phesi linamveka. Nkhunzi inalira, anthu anabuula. Mbali ya kumanja ndinagwira mtsempha, ndinaumva pansi pa chala, wolimba ngati chingwe. Ndinaulola kuterereka. Chitsulo chinaluma khungu lokha. Nkhunzi inaliranso chimodzimodzi, ndipo kulirako kunabisa kuti phesi silinamveke. Ndinawerenga mpaka khumi monga mwa masiku onse, n'kumasula.

"Zatheka?" anafunsa kapitawo.

"Zatheka."

M'buku langa ndinalemba kuti yafulidwa. Limenelo ndi bodza lokhalo limene lili m'bukumo.

Nditafika kunyumba ndinapeza mphasa, bulangeti ndi kasutikesi kanga zili panja. Amalume anaitana anthu kuti aone. Analankhula mawu ochepa, mokweza. Ndinanyamula. Mwana wanga wamkazi anandithamangira, agogo ake n'kumugwira dzanja.

Pa dibi panali kachipinda kosungiramo migolo ya mankhwala. Ndinagona mmenemo miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi. Zenera linali limodzi, laling'ono, loyang'ana kuphiri. Fungo la mankhwala linalowa m'zovala, m'bulangeti, ngakhale m'chakudya. Mudzi unkaoneka kutsidya kwa dambo. Denga limene ndinafolera ndekha ndinkaliona tsiku ndi tsiku, ndi utsi ukutuluka.

Sindikanauza munthu. Mawu amodzi pachitsime, mawa ali pa Malomo, mkuja ali kuboma. Ndikanachotsedwa ntchito, mwina kumangidwa, ndipo nkhunzi akanaimalizitsa. Mkazi wanga ankabwera Loweruka ndi ufa m'kansalu, mobisa. Ankaima pakhomo, osalowa.

"Abambo, mukanangokana. Tikanadya zomwe tikanadya."

"Zinachitika."

"Zinachitika! Ndi mawu okhawo muli nawo? Amayi akuti ankhoswe akhale pansi mvula isanagwe, ukwati uthe. Akuti kuli munthu wa ngolo ku Madisi amene mkazi wake anamwalira."

"Iwe ukuti bwanji?"

"Ine amandifunsa ndani?"

Sindinamuuze. Ankasinja mtondo umodzi ndi amayi ake, ndipo ndinaopa. Mwina ndinalakwa. Anabwerera akulira, ine ndinakatunga madzi a dibi.

Patapita miyezi itatu, tsiku la dibi, amalume anabweretsa okha ng'ombe zawo. Yakuda inali itachira. Inalumphira m'madzi, inasambira, inatulukira mbali ina ikudontha. Ine ndinayang'ana m'buku. Anthu atabalalika, amalume anatsala. Anaima pafupi nane, maso ali ku ng'ombe.

"Chitsulo chanu chija n'chakutha?"

"Chitsulo n'chabwino."

"Ndiye dzanja."

"Dzanja nalonso n'labwino, amalume."

Anapisa m'thumba. Anatulutsa fodya, ananunkhiza, anayetsemula.

"Limodzi lafota. Linalo likukula."

"Sindinaone."

"Inenso sindinaone." Anabweza kabotolo ka fodya m'thumba. "Ndinakuthamangitsani pamaso pa anthu. Ndikakuitanani lero, afunsa chifukwa chake."

"Afunsadi."

"Ndiye khalani kaye momwemo."

Anapita. Kuyambira tsiku limenelo tinali awiri m'khola limodzi. Iwo sakanandiitana, ine sindikanadziyeretsa. Ankhoswe akati akhale pansi, amalume ankadwala msana. Akati mwezi wa mawa, kunali maliro kutsidya. Akati tikakolola, iwo anati mtedza sunaume. Alongo awo, amene anali apongozi anga, anakwiya mpaka kusiya kuwapatsa moni. Munthu wa ngolo uja anatumiza uthenga kawiri.

Amalume anachitanso china. Mfule imayenera kukoka ngolo, ndiye kuti anthu asakayike anayamba kuiphunzitsa goli. Nkhunzi yeniyeni m'goli. Inathyola magoli awiri, n'kuwakokera amalumewo m'munda wa fodya wa eni. Anthu ankati ukali wakale sunathe. Atsikana anaimba nyimbo yowaseka. Iwo anapirira. Pa chimenecho ndimawalemekeza.

Mvula itagwa, misewu inaduka, ndipo mzungu anakhala kumwera miyezi yambiri. Kunalinso chipwirikiti m'dziko, anthu akumangidwa, milatho ikugwetsedwa. Ine ndinkakhalabe pachulu paja ndi buku. Yakuda inkayenda pambali pa zazikazi monga kale. Yofiira inkadya yokha kumapeto kwa dambo. Malo olembapo nkhunzi yokwera ndinkawasiya opanda kanthu. Bodza lachiwiri sindinafune.

M'mwezi wa Okutobala, kukutentha, ng'ombe yofiira ya amalume inabereka. Thole lakuda bii, banga loyera pamphumi. Sabata yomweyo kunabadwa lina m'khola la mnansi. Kenako lina.

Mzungu anafika masiku omwewo, ataonda, ndevu zitamera. Tinayenda makola onse monga kale. Pa khola la amalume anaima. Anayang'ana mayi wofiira. Anayang'ana thole. Anawerenga miyezi ndi zala. Amalume anali chapatali, akusema mpini umene unali utasemedwa kale.

"Bambo, nkhunzi yosafula m'dera lino ndi iti?"

"M'buku muli yofiira yokha, bwana."

"Yofiira ndi yofiira zibereka chiyani?"

"Munandiphunzitsa nokha."

Anapempha buku langa. Anaona mipata yopanda kanthu, tsamba ndi tsamba. Anapita kumene yakuda inamangidwa, anawerama, anayang'ana pansi pake kamodzi kokha. Ndinaima chilili. Sindinafune kuti andione ndikupempha.

"Limodzi ndi lokwanira," anatero, osandiyang'ana. "Zimenezinso ndinakuphunzitsani."

"Munatero."

"Mathole awa akadwala matenda a nkhupakupa, mudzalemba?"

"Ndidzalemba zimene ndidzaone."

Anatulutsa pensulo, n'kulemba yekha nambala ya yakuda m'mipata yonse ija, umodzi ndi umodzi. Kenako bukulo analiika m'chikwama chake, n'kundipatsa lina latsopano.

"Lakale ndipita nalo ku yunivesite. Silipita ku ofesi. Ku ofesi masiku ano akuwerenga anthu, osati ng'ombe."

Anachoka mvula isanagwe. Sanabwerenso. Kapitawo wa kuboma nayenso anasiya kufika kumapiri, chifukwa njinga yake anaiponya mumtsinje anyamata a m'midzi ya kumunsi.

Tsopano mathole akuda anali poyera, ndipo anthu anafuna chifukwa. Chifukwacho anachipeza okha. Anati amalume ali ndi mankhwala. Anati anakwirira chinthu pakhomo la khola, ndipo chitsulo cha mzungu chinaluma pachabe. Amalume sanavomere, sanakane. Ankangonunkhiza fodya. Anthu anayamba kuchokera kutali, ena mpaka ku Dowa, kudzawapempha kuti awatsirikire makola.

Lamulungu lina, titatuluka m'tchalitchi, anandiitana pamaso pa anthu omwe aja.

"Akamwini, munayesetsa ndi chitsulo chanu. Chinakukanikani. Munthu amene walephera kundipweteka ndilibe naye mlandu. Katengeni mphasa yanu, ana akukufunani."

Anthu anaseka. Wina anakuwa kuti, "Kapirikoni wa dzanja lofooka!" Amayi aja a kuchitsime anafunsa ngati zimenezi ndizilembanso m'buku. Ndinayang'ana amalume. Iwo anayang'ana pansi. Khomo lolowera kwathu linali limenelo lokha, ndipo linali lalifupi. Ndinawerama, ndinalowa.

Mkazi wanga anachapa bulangeti lija katatu, fungo la dibi silinachoke. Mwana wanga wamwamuna, amene ndinamusiya akukwawa, anabisala kumbuyo kwa amayi ake. Anatenga mwezi kuti andilole kumunyamula.

Tinakhala zaka zambiri, tinabereka ena anayi. Yofiira inafa ndi nkhupakupa chaka chotsatira. Yakuda inakalamba, inafa yokha m'khola. Chitaganya chinatha. Dzina la dzanja lofooka silinathe. Munthu akabweretsa ng'ombe yoti ndifule, ankati, "Mufinyitse, akamwini, iyi ilibe mankhwala." Ndinkangofinya. Boma litasintha ndikanatha kunena, koma pamenepo amalume anali atatchuka ndi mankhwala awo, ndipo kunena kukanakhala kuwavula pagulu. Iwo anandisungira mkazi miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi. Ndinawasungira mbiri yawo mpaka anamwalira, ndi kupitirira.

Mkazi wanga ndinamuuza atadwala matenda ake omaliza. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinkadziwa," anatero. "Amalume analibe mankhwala ngakhale a chifuwa. Ndinkangodikira kuti mundiuze nokha."

Anadikira zaka makumi atatu ndi mphambu.

Onse aja anapita. Dibi linagumuka, muli achule. Koma ukayenda m'mapiri amenewo lero, uona ng'ombe zazing'ono zakuda, zina za banga pamphumi. Adzukulu a amalume amati ndi za mankhwala a agogo awo. Si mankhwala. Ndi chala changa chachikulu cha kumanja. Mtsempha uja ndinaumva bwinobwino, ndipo ndinausiya dala.